Laimu Sagwira pa Penti ya Maboti

Gulu la Ana Ojambula la Mzere wa Madzi
Gombe la Mtondwe, kufupi ndi Nkopola, Mangochi

Kwa Mayi Zena Abiti Sadik, ana ndi achibale onse a malemu Che Yakobo Jaffalie, komanso kwa anthu onse a pagombe lino.

Assalamu alaikum.

Ife a gulu la Mzere wa Madzi, ana makumi atatu ndi anayi amene tinaphunzira kugwira burashi kwa Che Yakobo, talandira modzidzimuka ndi mosweka mtima uthenga wa imfa ya mphunzitsi ndi kholo lathu, amene anatisiya Lachiwiri lapitali ali kuchipatala, n'kuikidwa m'manda tsiku lomwelo. Tonse ndife a Allah ndipo ulendo wathu ukathera kwa Iye. Zimenezi timazidziwa ndipo sitikuzitsutsa, ngakhale kuti mitima yathu ikukanabe kukhala pansi.

Ndisanalankhule monga wapampando wa gululi, mundilole amayi, ndiyambe ndaulula chinthu chimene ndinachibisa miyezi isanu ndi itatu, osauza ngakhale mayi anga ondibereka. Lole ija ya pakhoma la shedi ya nsomba, imene inadyetsa amuna anu mwano n'kuwalanditsa ntchito, sanajambule ndi iwo. Ndinajambula ndine, Tatu. Achibale amene mwachokera ku Chowe ndi ku Chembe mwina nkhaniyi simukuidziwa, ndiye ndiifotokoza yonse, koma ulemu wa munthu amene tamutayayu ndi umene uyenera kutsogola.

Kwa zaka zoposa makumi awiri, Che Yakobo ndiwo ankalemba mayina pa maboti a gombe lino ndi magombe oyandikana nafe, moti msodzi akaona boti patali ankazindikira dzanja lawo asanawerenge n'komwe dzinalo. Sanapite patali ndi sukulu, ndipo ankaseka okha kuti anasiyira Sitandade 5 chifukwa usipa unkaitana mokweza kuposa belu. Koma zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ataona kuti ana tikungowazungulira tsiku ndi tsiku kupempha zitini zotha penti, sanatithamangitse monga ankachitira ena. Anatikhazika pansi pa mkuyu, anatidulira makatoni a m'magolosale, natipangira maburashi a bango ndi ubweya wa kumchira kwa mbuzi. Pamphasa imodzi pankakhala ife ochokera ku madrasa pamodzi ndi ana a aphunzitsi ndi a asilikali amene amapemphera Lamulungu, ndipo sindikumbukira tsiku limene anasiyanitsa wina ndi mnzake. M'manja mwawo tinadzala mitengo m'mbali mwa kamtsinje ka kuseri kwa sukulu, imene lero yatipitirira msinkhu, ndipo zojambula zathu zinapita katatu ku chionetsero cha kutauni, kawiri konse tinabwerako titapambana.

Ntchito yawo yaikulu ndi imene inapatsa gululi dzina. Chaka chilichonse nyanja ikamaliza kukwera, ankatiimika pakhoma la shedi n'kutiwerengetsa mapazi mpaka pamene payambira madzi, kenaka tinkalemba mzere wabuluu pakhomapo, nambala ya mapaziwo pambali pake, ndipo pamwamba tinkajambula zimene madzi atenga chaka chimenecho, kaya ndi thandala loyanikapo usipa, kaya ndi mtengo wa mango wa agogo ake a mnzathu Amida. Chaka choyamba tinapeza mapazi makumi asanu ndi limodzi. Chaka chatha tinapeza khumi ndi asanu ndi anayi. Mawu akuti kusintha kwa nyengo ine ndinkangowaloweza kusukulu kuti ndikhoze mayeso, koma kwa Che Yakobo tinawayeza ndi mapazi athu, mchenga ukutiwotcha.

Lamulo lawo linali limodzi lokha. Makolo ena atadandaula kuti mwana wa Chisilamu sayenera kujambula nkhope za anthu, iwo sanakangane ndi aliyense. Anakakhala pansi ndi a Shehe n'kugwirizana kuti m'gulu lathu simudzajambulidwa nkhope. Tikafuna kuonetsa munthu tinkajambula chimene amagwira kapena chimene wachita. Msodzi anali nkhafi, mayi wogulitsa usipa anali beseni, wootcha makala anali chitsa. Poyamba tinkaona ngati atimana chinthu, koma m'kupita kwa nthawi tinazindikira kuti beseni la munthu limadziwika msanga kuposa mphuno yake.

Tsopano nkhani ya lole. Pakati pa mudzi wathu ndi nyanja panali mtumbira wautali wa mchenga womera bango, umene makolo athu anaupeza n'kuusiya momwemo. Kwa zaka zitatu lole ya Che Yunus, amene ali wapampando wa komiti ya pagombe komanso mwini maboti asanu, yakhala ikutapa mchenga pamtumbirapo kukatula kwa omanga maloji, mpaka panatseguka mpata woti ng'ombe zinayi n'kudutsa mogundana mapewa. Aliyense ankaona, aliyense ankang'ung'udza ali kuseri kwa nyumba yake. Loleyo ndi yabuluu, koma chitseko chake cha kumanzere n'chachikasu chifukwa anachita kuchotsa ku galimoto ina.

Mu Seputembala tinamva kuti kubwera alendo a kuboma kudzaona khoma lathu. Che Yakobo anatigawira malo, ine n'kundipatsa pamwamba kuti ndijambule mitambo, ndipo pakona ya m'munsi anapasiya popanda kanthu chifukwa nthawi zonse pamenepo ankamalizitsa okha. Lachisanu masana, amuna onse ali ku mzikiti, anzanga atapita kukadya, ndinatsika pa benchi n'kugwada pakonapo. Ndinajambula bango, kenaka mpata pakati pa bangolo, kenaka lole yabuluu itaima pampatapo. Ndikanasiyira pomwepo bwenzi ili lole wamba. Koma m'chitini china munatsala penti yachikasu pang'ono, yongokwanira chitseko chimodzi. Nkhope sindinajambule, lamulo ndinalisunga. Ndipo ndinene zoona, popita kunyumba ndinkamva kukoma.

M'mawa mwake Che Yakobo anaima pakhomapo nthawi yaitali, kenaka anayang'ana chala changa chachikulu chimene chinali chidakali chachikasu m'chikhadabo. Dzuwa lisanafike pamutu Che Yunus anali ataitanitsa komiti yonse, ife ana atatindandalitsa patsogolo ngati tagwidwa tikuba. Anati zimenezi si za mwana, palibe mwana wa pa Mtondwe angajambule matayala moteromo, ndipo amene wachita zimenezi adzionetse. Bambo anga ndi mlovi, msodzi wolembedwa ntchito m'boti la Che Yunus, ndi mmene timadyera kwathu. Ndinayang'ana mapazi anga. Ndinawayang'ana mpaka ndinamva mawu a Che Yakobo kumbuyo kwanga.

"Pakona apo ndi panga, Che Yunus, aliyense akudziwa. Kapena chitseko ndalakwitsa mbali?"

Anthu anaseka, ngakhale a komiti amene, ndipo kuseka kumeneko n'kumene amuna anu anakulipira mpaka tsiku lawo lomaliza. Masana omwewo panabwera zidebe ziwiri za laimu, khoma lonse linapakidwa, mizere yathu ya zaka zisanu ndi chimodzi n'kukwiririka pamodzi ndi loleyo. Alendo aja anapeza khoma loyera mbee, lolembedwa kuti takulandirani. Gulu lathu linaletsedwa kukumana pa shedi. Eni maboti anauzidwa pakamwa kuti amene apereke boti lake kwa Che Yakobo adziwe kokakocheza. Munthu amene dzanja lake linali pa boti lililonse la gombe lino anayamba kusoka maukonde a anthu ena, akunenedwa kuti ndi wodanitsa anthu, wophunzitsa ana mwano.

Tsiku lopaka laimulo ana aang'ono ankalira. Che Yakobo anapita pakhoma, anakandapo pang'ono ndi chikhadabo, n'kubwerera akumwetulira. Anatiuza kuti tipukute misozi, chifukwa amene walangiza komiti sanapentepo boti chibadwire. Laimu sagwira pa penti yamafuta, amangokhalapo ngati mlendo, ndipo tingodikira madzi.

Amayi, mukukumbukira kuti ndinabwera kwanu kawiri popanda chifukwa chomveka, n'kumangokhala pakhonde ndikupotokola mpango wanga. Ndinkabwera kudzanena. Ulendo woyamba amuna anu anangondifunsa za zotsatira za mayeso anga a Folomu 4 mpaka nthawi inatha. Ulendo wachiwiri, inu mutalowa m'nyumba kukatenga tiyi, anandiuza ali chisokere ukonde, osadzutsa n'komwe mutu, kuti lole yosenza mchenga matayala ake a kumbuyo amaphwa pang'ono chifukwa cha kulemera, ndipo ulendo wina ndizikumbukira zimenezi. Ndinamwa tiyi uja n'kubwerera kwathu. Sindinapepese, sindinathokoze. Ndinkaganiza kuti nthawi ilipo.

Mwezi wathawu mapazi aja anatsika kufika asanu ndi awiri, kenaka atatu, kenaka panalibenso choti n'kuwerenga. Tsiku lina m'mawa kunja kuli mphepo, nyanja inalowa m'mudzi, ndipo sinasake njira, inadzera pampata paja. Nyumba yoyamba kuseri kwa mpatawo ndi yanu. Atakufikitsani inu ndi ana kusukulu kumene tonse tinathawira, Che Yakobo anabwerera m'madzi ofika m'chifuwa katatu konse, kukatenga makatoni athu amene ankawasunga kudenga chitichotsereni pa shedi. Palibe katoni imodzi imene inanyowa. Iwo ndiwo ananyowa, n'kugona pasimenti ya m'kalasi masabata atatu akutsokomola, akukana kupita kuchipatala kuti n'kachimfine chabe.

Madokotala anati ndi chibayo, ndipo sitikuwatsutsa. A Shehe anati nthawi yawo inakwana, ndipo ife ndife ndani kuti tiyankhe. Tikudziwanso kuti nyanja yakwera paliponse chaka chino, kuti mvula siikubweranso monga inkabwerera kale, ndiponso kuti palibe munthu mmodzi amene anaikweza ndi manja ake; zimenezi anatiphunzitsa ndi malemuwo. Koma midzi imene mitumbira yake ilipobe, madzi anaima kunja. Chibayo chimene chapha mphunzitsi wathu chinadzera pampata, ndipo mpatawo unakumbidwa ndi mafosholo, masanasana, tonse tikuona.

Madzi atafika pakhoma la shedi, zinachitika monga ananenera. Laimu anayamba kufufuma n'kumagwa zibenthuzibenthu, ndipo choyamba kutuluka chinali chitseko chachikasu. Patapita masiku awiri lole yonse inali poyera, yowala ngati yapentedwa dzulo, mafunde akumenya m'matayala mwake. Che Yakobo sanaione chifukwa anali atagonekedwa kale, koma munatiuza amayi kuti mutawafotokozera anaseka mpaka anamwino anabwera kudzawakhazika bwino. Tikuthokoza kuti munawauza.

Pamaliro tinaona zimene tinaona. Che Yunus anabwera ndi mbuzi ndi thumba la mpunga, ndipo amalume anga amene anapita kumanda akuti Che Yunus ndiwo anali patsogolo posenza jeneza, chonyamulira maliro. Pobwerera anauza akuluakulu kuti malemu anali m'bale wawo, ndipo pofuna kuwalemekeza akonza khoma la shedi, alipakanso laimu lonse n'kulembetsapo dzina la Che Yakobo m'zilembo zikuluzikulu. Akuluakulu ena anayamikira. Mbuziyo ndi nkhani ya banja, ife sitilowererapo. Koma khomalo ndi lathu, ndipo tikudziwa chimene akufuna kukwirira ndi dzina la mphunzitsi wathu.

Choncho gulu linakumana Lachinayi pansi pa mkuyu uja, ndipo ndatumidwa kuti ndidziwitse anthu onse zimene tagwirizana. Laimu ameneyo sitimulandira. Anyamata ena ankafuna kukaboola matayala a loleyo, ena kukaswa galasi, ndipo sindinama, mtima wanga unali nawo limodzi. Koma tayala amamata tsiku limodzi, galasi amagula lina. Ife tichita zimene tinaphunzitsidwa. Mwana aliyense mwa ana makumi atatu ndi anayi ajambula lole yake, ndi penti ya maboti imene inatsala m'zitini za malemu. Tijambula pa makatoni, pa zitseko za makolo amene avomera, ndi pa maboti atatu amene eni ake abwera okha kudzatipempha, anthu omwe aja ankadutsa Che Yakobo ngati sakuwaona. Ku chionetsero cha kutauni chaka chino sitipita ndi nsomba kapena mitengo, tipita ndi malole okhaokha. Pampata paja tidzalanso bango madzi akangobwerera, ndipo fosholo iliyonse imene idzakhudzepo tidzaiwonjezera pachithunzi. Nkhope sitijambula, lamulo la Che Yakobo tilisunga mpaka kalekale, komanso pano palibe amene akufunika kuuzidwa. Tikufuna kuti mwini loleyo popita ku mzikiti, popita kumsika, pokayendera maboti awo, kulikonse kumene angatembenukire azikumana ndi chitseko chachikasu, mpaka tsiku lina mdzukulu wawo adzawafunse pagulu kuti agogo, kodi lole imeneyi inkatani pabango.

Mukanena kuti kumeneku n'kubwezera, sindikana. Mwina Che Yakobo akanandikhazika pansi n'kundiseka mpaka mkwiyo utaphwa, chifukwa ankatha zimenezo. Ndapempha Allah pa swala iliyonse kuti andichotsere mkwiyowu, koma sunachoke, ndipo sindikufuna kunama m'kalata ya maliro.

Kwa inu Mayi Zena, kwa ana anu, ndi kwa onse a banja la Jaffalie ndi la Sadik, m'malo mwa mamembala onse a Mzere wa Madzi, makolo athu ndi onse amene anadutsa pamphasa ija n'kukula, ndikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima. Mwataya mwamuna, bambo ndi m'bale pa nthawi imene mulibe ngakhale denga lanulanu loti mulirepo, ndipo tilibe mawu amene angakwanire pa chisoni chotere. Allah awakhululukire zolakwa zawo, awakulitsire manda awo ndi kuwalowetsa ku Jannah, ndipo inu akupatseni mphamvu ndi kupirira masiku onse akubwerawa. Madzi akaphwa, manja makumi asanu ndi limodzi mphambu asanu ndi atatu adzakhala pakhomo panu kuumba njerwa. Ndi aang'ono, koma ndi amene tili nawo. Ine pandekha sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Ndinalola amuna anu kusenza mlandu wanga miyezi isanu ndi itatu, ndipo mukafuna kundikalipira ndidzabwera n'kukhala pakhonde pomwe paja.

Anthu amandidziwa kuti sinditha kulankhula pagulu. Ngakhale upampandowu anandisankha chifukwa ndimalemba bwino, zowerenga amawerenga ena. Koma uthenga uno pa sadaka ya malemu ndiwerenga ndekha, chifukwa cha zimene zachitika dzulo, zimene ndikufuna muzimve kwa ine zisanakupezeni zitapotozedwa.

Dzulo masana tinali pa shedi, madzi ali m'mawondo, tikulemba mzere wa chaka chino. Kwa nthawi yoyamba sitinawerenge mapazi, tinangotsata pamene nyanja inadetsa khoma. Lole inaima kumtunda, Che Yunus n'kutsika ndi dalaivala wawo, aliyense chidebe m'manja. Anapinda thalauzi n'kutiyandikira, akulankhula mofatsa ngati pamaliro paja, amayi ogula usipa ndi asodzi osoka maukonde onse akumva. Anati tipatuke akonze khoma la malemu, zakale zinapita, ndipo amene anajambula zachipongwezi iwo anamukhululukira kale asanamwalire.

Ndinayang'ana pansi monga tsiku lija, koma ulendo uno mapazi anga sankaoneka, anali m'madzi. Ndiye ndinadzutsa mutu.

"Musawakhululukire, Che Yunus, sanakulakwireni. Loleyo ndinajambula ndine."

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba, n'kufunsa kuti ndine mwana wa ndani. Ndinadziwa chimene funsolo likutanthauza. Bambo anga anali pomwepo pamchenga, ukonde wa Che Yunus uli pamiyendo pawo, ndipo sindinali nditawauza kalikonse. Anasiya kusoka, koma sanandiletse.

"Wa Che Mussa, mlovi wanu, ali apowo," ndinatero, mokweza kuti ndi a kumatandala omwe amve. "Chitseko sindinalakwitse. Ndinalakwitsa matayala a kumbuyo, sindinawaphwetse. Mawa ndibwera kudzakonza."

Ine wanu pa chisoni chimenechi,

Tatu Mussa
Wapampando, m'malo mwa ana onse a Mzere wa Madzi